Loveness ndi Madiresi Opanda Manja

Taganizirani m'mawa wa tsiku la msika pa Lirangwe. Maminibasi akuitanira anthu a ku Blantyre, akabaza andanda m'mbali mwa msewu, ndipo m'shopu ya utelala ya a Gertrude makina ayamba kale kulira. Pakona, kutsogolo kwa kompyuta yakale, pakhala Loveness.

Ndinamuphunzitsa mu Sitandade 7, kamtsikana kosayankhulayankhula. Atamaliza Fomu 4 anakaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta ku Blantyre. Ntchito sinapezeke, ndipo anabwerera kwawo. A Gertrude anamulemba kuti azilowetsa miyezo ya makasitomala mu pulogalamu imene mwana wawo, Harry, anapanga.

Chaka china banja la ku Chileka linabweretsa nsalu ya ukwati, ya mtundu umodzi, yoti abale onse adzavale patsikulo. Nsalu yotere ikaonongeka supezanso inzake, imakhala itatha m'sitolo. Madiresi onse opanda manja anatuluka othina pachifuwa, otaya m'chiuno. Amayi a ku Chileka analalata mpaka anthu a mumsika anadzaza pakhomo.

Mlandu unagwera a Mailosi, odula nsalu, amene akalambira pa tebulo la m'shopumo. Chimene chimandikwiyitsa mpaka lero n'chakuti iwo anafunsa asanadule, chifukwa miyezoyo inawadabwitsa. Harry anawayankha kuti, "Madala, dulani zimene kompyuta yatulutsa." Zitavuta, Harry yemweyo anati mkuluyo maso atha. A Gertrude anawauza kuti mwezi ukatha asadzabwerenso. Munthu wolera adzukulu, kumuchotsa chifukwa chomvera.

Tsiku limenelo Loveness anatsegula m'kati mwa pulogalamu ija. Anapeza kuti popanga oda ya diresi, Harry ankaponya manambala onse pamzere umodzi opanda maina. Pulogalamu inkasiyanitsa chifuwa ndi chiuno pongoona malo a nambala pamzerepo. Pa diresi lopanda manja iye analemba mzere wina wapadera, ndipo m'menemo chiuno chinatsogola, chifuwa n'kubwera pambuyo.

"Achimwene, tabwerani muone ichi," anatero Loveness poitana Harry.

"Iwe unalembedwa kuti uzitaipa. Wakuuza ndani kuti ugwire zanga?"

"Palibe. Koma a Mailosi akuchotsedwa chifukwa cha mzere uwu. Muwauza nokha mayi, kapena ndiwauze ine?"

Harry anayang'anitsitsa, kenako anati, "Ndingosintha manambala awiriwo, nkhani yatha."

"Mawa kukabwera ofuna matumba ndi kolala mudzalembanso mzere wachitatu? Mukadzalakwitsanso adzachotsedwa ndani, poti a Mailosi adzakhala atapita?"

Harry anatuluka, namenyetsa chitseko.

Loveness analembanso gawo lonselo m'njira imene opanga mapulogalamu amaitcha bilda, kutanthauza mmisiri womanga. M'malo mopereka manambala onse nthawi imodzi, oda imamangidwa pang'onopang'ono, chilichonse ndi dzina lake: chifuwa chakuti, chiuno chakuti, utali wakuti. Manja, matumba ndi kolala wolemba pulogalamu amaonjezera ngati zikufunika, ngati ayi amangodumpha, ndipo palibe nambala imene imalowa pamalo pa inzake. Pomaliza ndi pamene amalamula kuti oda imangidwe. Muyezo wofunika ukasowa, pulogalamu imakana, n'kunena chimene chasowa.

Atamaliza anaitana a Gertrude. Analowetsa miyezo ya mayi mmodzi wa ku Chileka mu pulogalamu yakale ndi yatsopano, nayika mapepala awiriwo patebulo. A Gertrude asoka zovala moyo wawo wonse, sanafune wowafotokozera.

"Ndiye mwana wanga ndi amene anandionongera nsalu?"

"Mzere wake, mayi. A Mailosi anadula zimene anapatsidwa."

A Gertrude anapita kutebulo nauza a Mailosi kuti za mwezi zija aziiwale. Mawu oti pepani sanatuluke m'kamwa mwawo, ngakhale mwa Harry. Banja la ku Chileka silinabwerenso, ndipo pamsika alipobe anthu amene amati mkuluyo saona bwino, poti bodza lija palibe anakalitsutsa poyera.

A Mailosi akudulabe nsalu m'shopumo. Pulogalamu ya Loveness ikugwira ntchito kumeneko, komanso m'mashopu ena awiri a matelala, ina pa Chileka, ina kwa Kuntaja.