Mlonda Wosaoneka wa ku Welshpool

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 3, koma pa nkhani ya ulonda palibe profesa wa ku yunivesite ya ku Bentley amene angandiphunzitse. Ndinalondera magodauni ku Kanengo mpaka imvi zinandipeza pa geti, ndipo mbava sinatulukepo ndi thumba ngakhale limodzi ine ndili pa ntchito. Mawu anga ndi aakulu, zimenezo ndikudziwa. Mwana wanga wamkazi, nesi amene ananditengera kuno ku Perth, amati ndikamayankha foni m'basi ya ku Morley, dalaivala amasuzumira pagalasi kuona ngati kwabuka ndewu.

Mkamwini wanga amayendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, m'godauni ina ku Welshpool. Tsiku lina anandiuza kuti, "Bambo, kuli achinyamata akupanga filimu ya mbava ndi apolisi. Zipangizo zawo ndi zochepa, ndiye abwana awabwereka godauni Lamlungu. Akufuna munthu wachikulire woti akhale mlonda."

Ndinati, "Kawauzeni kuti apeza weniweni."

Tinapita titaweruka ku tchalitchi. Mwini filimu anali mayi wachizungu wochepa thupi, msinkhu wa mwana wanga. Kamera inali imodzi. Galimoto ya polisi inali ya mlongo wake, anangoimata mapepala m'mbali. Mazenera a godauni anawaphimba ndi mapulasitiki akuda kuti masana aoneke ngati mdima. Mayiyo anandipatsa tochi, nandiuza kudzera mwa mkamwini kuti ndiime pansi pa babu pakhomo, ndiziyenda uku ndi uku ndikuwunika.

Ndinakana pomwepo. Mlonda woima pansi pa babu ndi ndiwo ya mbava: iyo ikukuona, iwe sukuiona. Tochi siyatsidwa chisawawa, imauza wakuba pamene waima. Mlonda amakhala pangodya yamdima, ndipo akamva mswayo amatsokomola kamodzi kokha, kuti wakuba adziwe kuti muli munthu koma asadziwe kuti ali pati. Mayi uja anakanda mutu nati tiyese. Ndinakhala pa kreti kuseri kwa mapaleti, matabwa osanjikirapo katundu. Anyamata awiri ochita za mbava analowa ndi chitsulo chawo chothyolera maloko, ine ndinatsokomola. Mmodzi analumpha zenizeni, poti sanamuuze. Mayiyo anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati zatheka.

Patapita miyezi anatiitana ku holo ina yaing'ono Loweruka masana. Filimu inali itatalika, ndiye ankafuna oonera anene maganizo awo kuti adziwe zoti adule. Apa ndi pamene panali vuto langa. Ndinali nditalengeza kale ku tchalitchi konse, ndi kwa abale ku Dowa pa foni, kuti ndili mu filimu ya azungu. Akanadula gawo langa, ndikanasanduka nkhalamba yabodza pakati pa anthu anga, ndipo bodza la nkhalamba silifufutika.

Ndinaitana aliyense: manesi, osamalira okalamba, ana a sukulu a ku Bentley, ngakhale aphunzitsi opuma ntchito a mu mpingo mwathu, amene timalimbana nawo pa chilichonse. Tinadzaza mizere itatu.

Azungu amaonera filimu ngati ali pa maliro, chete. Ife tinakulira m'mavidiyo a ku Kawale, kumene anthu a pa sikirini amalangizidwa. Mbava ina ikuti ilowe m'nyumba momwe wapolisi wabisala, mayi wina wa mvano anati mokweza, "Usalowe umo mwanawe, ubwerere." Ine ndinavomereza kuti ameneyo samva. Mwana wanga ananditsina pantchafu. Azungu akutsogolo anacheuka kamodzi, kachiwiri anayamba kumwetulira.

Kenako inafika godauni. Ndinakhala tsonga. Sikirini inada bii, kungooneka kababu pakhomo ndi mithunzi iwiri ikunyang'ama. Ine sindinaoneke. Pakona pansi panali nsonga ya nsapato yanga basi. Ndiye chinamveka chifuwa, chimodzi, chochokera pansi pa mtima.

"Ndi agogo amenewo," anatero nesi wina, mizere yathu yonse n'kuphulika kuseka.

Aphunzitsi anaweramira kwa ine. "Achimwene, takwera mabasi awiri kudzaonera nsapato?"

Ndinakokera mapazi anga pansi pa mpando.

Magetsi atayaka, mwini filimu anaima kutsogolo ndi kope lake nafunsa maganizo. Bambo wina wandevu anati pothamangitsana magalimoto liwiro lake linali la njinga yakapalasa. Nesi mnzake wa mwana wanga anati bala la paphewa silimangidwa motero, ndipo magazi aja anali tomato woonekeratu. Mnyamata wa ku Zambia wophunzira za migodi anati, "Filimu ili che bwino, koma apolisi ali na motoka imodzi che, monga kwathu." Mayi wa mvano uja ananena zake mkamwini akumasulira: anyamata olowa m'nyumba ya mayi awo osapereka moni, n'kutsegula firiji, ankayembekeza kuti zinthu ziwathera bwino? Azungu anaombera m'manja, mwini filimu akulemba zonse.

Ndiye anaimirira bambo wina wa magalasi. Mkamwini anandinong'oneza, "Akuti gawo la m'godauni alichotse. Akuti palibe chooneka, ndi mdima wokhawokha." Ndinaona cholembera cha mwini filimu chikuyenda pa kope.

Ndinaimirira. Mwana wanga anakoka jekete langa nati, "Ababa, chonde." Ankandibweretsera maikolofoni, ndinakana, sindinaifunepo chibadwire. Ndinauza mkamwini kuti amasulire liwu ndi liwu, asathiremo shuga.

"Afunseni bambo a magalasiwo. Chifuwa anachimva?"

Anati anachimva.

"Mlondayo anali mbali iti?"

Anaganiza, nati sakudziwa, ndipo vuto lake ndi lomwelo.

"Mbava zija nazonso sizinadziwe. Ntchito yake ndi imeneyo, bambo. Mukanandiona inu, zikanandiona izo, filimu ikanathera pomwepo ndi maliro anga."

Holo inaseka, koma kuseka sikusunga gawo la munthu. Cholembera chinali chidakali m'manja mwa mwini filimu. Amene anandipulumutsa anali gogo wina wachizungu wa tsitsi loyera mbuu, wokhala kutsogolo. Anaonetsa siketi yake yonyowa nati chifuwa chija chitamveka anadzithira tiyi, ndipo mu filimu yonse ndi pokhapo pamene anachita mantha. Mwini filimu anafunsa kuti amene anadzidzimuka akweze mkono. Mikono inakwera mbali zonse. Wa magalasi anayang'ana uku ndi uku, naye n'kukweza wake pang'onopang'ono, mpaka pakhutu pokha.

Mwini filimu anakhwatcha mzere umodzi pa kope lake. Godauni inatsala. Chimene anadula ndi mpikisano wa magalimoto uja.

Tikudikira basi, aphunzitsi sanafune kugonja. "Zamveka, achimwene, koma nkhope yanu sitinaione."

Ndinati, "Aphunzitsi, ku Kanengo aliyense amene anaona nkhope yanga m'godauni anali atagwidwa kale. Thokozani."

Kachidutswa ka gawo langa mkamwini anakatumiza ku Dowa. Mng'ono wanga anaimba foni kudandaula kuti kanema wafika wowonongeka, akungoona mdima. Ndinamuuza kuti akweze voliyumu, akhale phee, ndipo ngati wanyamula tiyi ayambe wamuika pansi.