Chitseko Chokhota cha Alamu Anga

Magalasi ndinayamba kuvala ndili sitandade folo, olemera moti pamphuno panga anakumba kangalande. Ndikawavula sindisiyanitsa mbuzi ndi mwana wokwawa. Koma ndikawavala ndinkadzitama kuti palibe chondiphonya, ndipo ana amene ndinkawaphunzitsa kufupi ndi Mua ankadziwa kuti mzere wokhota m'kope sindiulekerera.

Chaka chimene ndinapuma ntchito, alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, amene amapala matabwa ku Golomoti, anabwera kudzandiikira chitseko. Atamaliza ndinaima pabwalo nditatsinzina diso lamanzere, poti munagwera utuchi. Ndinangoona felemu ya chitsekocho itapindika pakati ngati nthochi.

"Alamu, kodi mwadzera kukachasu? Chitsekochi chakhota."

"Chakhota pati, alamu?" Anamangirira mwala kuchingwe n'kuchilendeweretsa m'mbali mwa felemu. "Taonani nokha."

"Chingwe chanunso n'chokhota," ndinatero.

Anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinaumirira, ndipo anazula felemuyo n'kuikanso, akupukusa mutu.

M'mawa mwake diso lamanzere linali litatupa, moti ndinkaonabe ndi lamanja lokha. Popita kumsika wa Mtakataka ndinadabwa kuona mapolo onse a magetsi atapindika. Nditacheukira amuna anga kuti ndiwauze, mphuno yawo panalibe, panali kabanga kotuwa basi.

Kuchipatala chakwathu ananditumiza kwa dokotala wa maso ku Lilongwe. Ataunika, iye anati, "Amayi, diso la munthu wosaona patali ngati inu limatalika ngati dzira, kumbuyo kwake n'kupyapyala. M'diso lanu lamanjali mwamera timitsempha ta magazi tosalimba, ndiye tikuchucha. Mwachita bwino kufulumira. Tikubayani jakisoni."

Ndinayamba kupinda dzanja la bulauzi.

"Ayi amayi, m'diso."

"M'diso mwenimwenimo?"

Ndinapempha kaye kupita kokadzithandiza. Namwino anakandipeza ndili pageti, ndikufunsa kokwerera minibasi. Anandigwira mkono n'kubwerera nane ngati mwana wothawa katemera. Anandidonthezera m'diso mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo ndisanamalize n'komwe pemphero, dokotala anati zatheka.

Ndinabayidwa katatu, mwezi ndi mwezi. Kabanga kaja kanachepa koma sikanatheretu, ndipo m'mawa uliwonse ndimayesa diso lililonse palokha monga anandilangizira.

Alamu ndinawaphera tambala wopepesera. Atamaliza kudya anati, "Ndakhululuka, alamu. Koma nkhaniyi Golomoti yense aimva." Anaimvadi, mpaka makondakitala.

Kuwerenga ndimawerenga ndi lamanzere. Chondikanika n'kulowetsa ulusi pasingano. Ntchito imeneyo tsopano ndi ya amuna anga, amene amaigwira akung'ung'udza, atatulutsa lilime ngati mwana wophunzira kulemba.