Mpaka Mzere Ubiriwire

Ndinaganiza zopita ku London tsiku lomwe akuluakulu a koleji anandiuza mwaulemu kuti maphunziro anga a kompyuta atha, pamene anzanga anali adakali pakati. Kunyumba ku Ndirande bambo anali atayamba kudwala shuga, miyendo ikutupa. Ndinati ndikagwire ntchito yosamalira okalamba kuti mankhwala awo asamasowe. Amayi anangoti, "Bola uziyankha foni."

Ku Woolwich, dera lina la London, ndinkasambitsa agogo a eni ake, ndikaweruka n'kumakacheza ndi ketulo m'kachipinda kanga. Inali ketulo yaulemu, siinkandidula mawu. Masiku opuma ndinatenga tinzeru tomwe ndinathawa nato ku koleji n'kukonza webusaiti yanga. Ndinaikapo mitengo ya masheya a makampani akuluakulu, manambala osintha okha, ndi mzere woonetsa msika: ukakwera wobiriwira, ukatsika wofiira. Pamwamba pake panali chithunzi changa, nditavala jekete yobwereka. Sheya ndinalibe ngakhale imodzi. Ndinkangofuna kuti m'chipindamo muzikhala china choyenda kupatula ine.

Ndinatumiza linki pagulu la banja. Mlongo wanga Tiyamike anaimba pompo.

"Achimwene, ndiye zonsezi n'zanu?"

"Tsambalo ndi langa, ndalamazo n'za azungu."

"Eee, olemera mumakana choncho!"

Ndinaseka, n'kudula foni. Ya mankhwala ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Ndikafunsa za bambo, yankho linali limodzi: aliko bwino, angogona. Kenako misika inagwa, tsamba langa linafiira miyezi ingapo. Ine sizinandikhudze, ndinali kalikiliki ndi mashifiti. Ndinangodabwa kuti foni yazizira. Wopempha ya sopo panalibe, wa fizi panalibenso. Amayi ankangotumiza mavesi ndi mawu akuti "limba mtima". Mpaka lero ndimakumbukira mmene ndinanyadira pa basi ya ku Greenwich, kuti tsopano abale anga ayamba kundikonda mwaulere.

Uthenga wotsatira unali wa maliro a bambo.

Ndinafika ataika kale. Titakhala pakhonde pamodzi ndi amayi, Tiyamike anandiuza kuti impso za bambo zinawonongeka kalekale, ndipo adokotala ananena kuti pakufunika chipatala cholipira. Ndinafunsa chifukwa chomwe sanandiuzire. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. M'mawa uliwonse iye ankagula bandulo, n'kutsegula tsamba langa, n'kukawaonetsa bambo pabedi. Ankauona okha mzere wofiirawo ukulowa pansi.

Amayi anayankha ali chowerama. "Analamula ndi bambo ako. Anati, mwana wagwa, musamusenzetsenso ine. Dikirani mpaka ubiriwire."

"Amayi, koma ndinanena kuti si zanga."

"Unanena kamodzi, ukuseka. Iwe chilichonse umanena ukuseka."

Pamenepo nthabwala zinandithera. Kunja kuja ndinkadziuza kuti kwathu amandikumbukira akafuna ndalama. Ndinapeza anthu omwe ankandizonda tsiku ndi tsiku pa kagalasi ka foni, akudya zochepa, n'kumandibisira matenda kuti ndipumeko.

Madzulo amayi anandiitanira kuchipinda, anatseka chitseko kuti azakhali omwe anabwera kumaliro asamve, n'kumasula mfundo ya chitenje chawo.

"Ya chipepeso yatsalako pang'ono," ananong'ona. "Tenga, mwanangu, ukayambirenso bizinesi yako ija."