Makutu a Chilembwe

Chithunzicho chinali chaching'ono ngati chikhatho, chakuda ndi choyera basi, ndipo anachibaya pakhoma la kalasi ndi minga inayi ya mthethe. Anachijambula okha aphunzitsi athu, a Likoswe, munthu wa kummwera, amene kamera yawo ankaipukuta kawirikawiri kuposa nkhope yawo. Anapita ku Lifupa, m'kati mwa paki ya nyama zakutchire, pa tchuthi, n'kugona chafufumimba m'mbali mwa damu mpaka linthumbu kuwalowa m'kabudula, ndipo anabwerako ndi nyama imodzi yoima cham'mbali. Pansi pake analemba zilembo zonenepa: MPHALAPALA.

Inali nyengo yosoka fodya. Tinkadzuka mame asanaume, kuthyola masamba am'munsi, kusoka, kupachika m'chigafa, kenaka liwiro la kusukulu manja ali bii ndi ulimbo wa fodya umene umangomvera mchenga, sopo ayi. Kalasi yonse inkanunkha fodya wamuwisi ndi chimanga chootcha chobisa m'matumba. Dzanja lakuda lomwelo ndi limene ndinaimika, n'kuwauza aphunzitsi kuti nyamayo ndi chilembwe. Makutu anali ataliatali ngati a bulu, a tsitsi kunsonga, nyanga zazifupi zonenepa, pomwe mphalapala makutu ake ndi aulemu ndipo nyanga zake zimapinda ngati chikwakwa kulondola msana.

"Iwe wopanda ndi nsapato zomwe, kupaki unalowa pa galimoto ya yani?" anatero a Likoswe. "Chilembwe unamuona kuti?"

Pamenepo ndiye panagona nkhani. Ndinamuona m'chigafa mwathu, bambo akumusenda kuseri kwa fodya, ndipo nyanga zake tinakwirira pansi pa nkhokwe. Dera la pakilo linali mudzi wa makolo athu boma lisanawasamutse, ndiye bambo ankalowamo ngati munthu wokaona kwawo. Ndikananena zimenezo, oyang'anira nyama akanawanjata, fodya n'kuwolera m'munda. Njira ina inali kungoti ndalakwitsa. Zonse ziwiri ndinazikana.

Ndinalandira zikoti zisanu, n'kupatsidwa chitsa cha muwanga kuti ndizule anzanga akukwapula nguli pabwalo. M'mawa uliwonse a Likoswe ankaloza chithunzi chija ndi ndodo n'kufunsa kuti nyama iyi ndi chiyani, ine n'kuyankha mwaulemu ndithu, manja kumbuyo, kuti ndi chilembwe. Sabata itatha anati ndikaitane kholo.

Bambo anabwera chipewa chili m'manja. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, mpaka ndinawaona akumeza malovu.

"Ife nyama zakutchire sitizidziwa, aphunzitsi," anatero. "Mmene mwalemberamo ndi momwemo. Mwanayu makaniwa watengera kwa amake."

Pobwerera tinayenda mpaka kuwoloka dambo. Kenaka bambo anaima, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Ndi chilembwe wamkazi ameneyo, ndiponso ali ndi bere. Koma mkulu uja amatha kunyang'ama, wayandikira kuposa ine." Anavala chipewa. "Mawa ukavomere, nkhani ithe."

Sindinakavomere, ndipo sukulu yanga inathera pomwepo, mu Sitandade 5.

Masiku ano tikakhala pamzere wa makuponi a feteleza, anyamata olemba mayina amatsinana akaona mmene ndimavutikira kusaina, cholembera ndachigwira ngati khasu. Asekeni, agogo anu. Koma afunseni anyamata omwewo kusiyana kwa gwape ndi mbawala, kapena mphoyo ndi nswala, muona akutokosa foni. Nyama amazidziwa m'Chingerezi, fungo lake sanalimvepo, phazi lake pamatope sangalizindikire. Alipo amene amati ndinagulitsa sukulu ndi makutu a nyama, ndipo akazi anga ndi amene amatsogolera gulu limenelo. Mwina sakunama. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti chaka chimenecho bambo fodya wawo anakolola yense, kundende sanagoneko, ndipo nyama ija, mufune musafune, inali chilembwe.