Achikulire Okonza Mathiraki ndi Pampu ya Malemu

Achikulire okonza mathiraki kumapiri kuno ku Montana anagontha makutu kalekale, koma injini ya dizilo amaimva ndi chikhatho. Amangogwira paipi n'kutsinzina ngati akupemphera. Munthu akabwera akudandaula kuti wasintha chakuti ndi chakuti koma sizikutheka, iwo amaseka: "Mwagula mankhwala musanadziwe matenda."

Chilimwe china moto wolusa wa kutchire utayandikira, Jolene Tveit anafunika kusamutsa mahatchi ake anayi tsiku lomwelo. Koma thiraki yake inkangotsamwa ikafika pachitunda, mafuta osafika bwino mu injini. Choncho anapita nayo kwa achikulirewo. Pampu yokankha dizilo kuchokera m'thanki anaiika yekha mwamuna wake Curtis asanamwalire, ndipo mwamunayo ankainyadira kwabasi.

"Achikulire, kodi pampuyi yafa?" anafunsa Jolene.

Iwo anakwawira kunsi kwa thiraki n'kulumikiza kapaipi koonekera mkati. Dizilo ankadutsa ali thovu lokhalokha.

"Ikuyamwa mpweya iyi. Tandipatsa sipanala, mwanawe, usangoima ngati mzati."

Atawerama kuti awapatse, Jolene anaona vuto lake: cholumikizira paipi Curtis anachimanga mopotoka, mpaka chinang'aluka. Achikulire anachimasula msangamsanga n'kuchibisa m'thumba la ovolosi, kenako anamanga china.

"Chinavuta n'chiyani?"

"Paipi inangokalamba basi, ngati ine ndemwe. Koma mwamuna wako uja anali ndi manja, iwe. Pampu anaiika bwino zedi."

Jolene sanatsutse. Anangowagwira paphewa n'kuliza injini. Thiraki inakwera chitunda chija ikukoka ngolo yonyamula mahatchi onse anayi, ndipo misozi Jolene anaipukuta atapitirira kale pageti pa achikulirewo.