Ayirisi wa Abambo Anachitanso Maluwa

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa ndi mkeka wa pasiwa. Amayi a mvano anali atatopa ndi nyimbo, panja amuna akuwodzera mozungulira moto wa zitsononkho. Kunkazizira, kuzizira kwa mwezi wa Meyi. Linali tsiku loika abambo anga.

Abambo ankasamalira maluwa pa esiteti ya fodya kufupi ndi Mitundu. Atapuma ntchito anabwera ndi mizu ya duwa lotchedwa ayirisi, la masamba ngati zikwanje, nadzala kuseri kwa bafa. Ankati limachita maluwa kawiri pachaka, nthawi yotentha komanso pokolola. Koma kwathu linkangochita kamodzi, ndiye amalume a ku Nathenje anawapatsa dzina loti a Kawiri. Mudzi wonse unalitola, ndi ana omwe. Abambo ankaseka nawo, koma ine ndikudziwa kuti zinkawapweteka. Anamwalira akuyesedwa abodza.

Kutacha ndinapita kuseriko kukafuna maluwa olukira nkhata. Mayo ine! Ayirisi anali atamasula maluwa apepo, akuluakulu. Ndinathamanga kukaitana amalume, amene anali atangotsika panjinga. Iwo ndi makani sasiyana. Anati mwina ndi tsinde lina lochedwa, limene silinachite maluwa mu Okutobala. Ananjuta, nafukula dothi ndi chala. Phesi louma la maluwa oyamba ndi phesi latsopanoli zinachokera pa muzu umodzi. Kenako anathyola maluwawo.

Anthu anabwera ochuluka, ena pangolo, ena palole ya ku esiteti. Amayi ovala nsalu za zipani zosiyana, amene chaka chimenecho sankapatsana ndi moni yemwe, ankasonkhezera moto umodzi. Popita kumanda amalume anakana kuti maluwawo alukidwe m'nkhata. Anawanyamula okha, patsogolo pa bokosi, dzuwa litayamba kufunda. Adzukulu atatha kukwirira, amalume anaimirira kulankhula m'malo mwa banja.

"Alamu angawa sananame," anatero, atakweza maluwawo m'mwamba. "Wabodza ndinali ine. Dzina lija lithere pano."

Khamu lonse linavomereza chapansipansi. Ndinalira, inde, koma ndinabwerako kumanda ndikunyada, mwana wa munthu woona.

Madzulo anthu atabalalika pakhomo panali zii. Ndinatsuka mbale zotsala, ndipo pamene ndinkati nditaye madzi pabwalo, amayi anga anandiletsa ali pakhonde. Anati ndikathire kuseri, pa ayirisi paja.

"Bambo ako sanaphonyepo tsiku," anatero, "ngakhale muja ankawaseka."