Bokosi lopanda mtanda

Nditalephera mayeso a Fomu 4 ndinakhala chaka chathunthu ndikungoyendayenda pa Boma la Nkhotakota. Malume atatopa nane ananditengera kwa a Mhone, mkulu wochokera kumpoto amene anali ndi shedi ya ukalipentala kuseri kwa msika. A Mhone anandiyang'ana m'manja, nkundiuza kuti ndibwere Lolemba.

Tinkakhoma mipando ndi zitseko, koma chimene chinkatidyetsa kwenikweni chinali mabokosi a maliro. Miyezi itatu yoyamba ntchito yanga inali puleni ndi sandipepa basi. Kenako anandiphunzitsa kulemba mzere ndi sikweya ndisanagwire sowo, kupaka guluu ndisanakhome misomali, ndiponso kuyala nsalu yoyera mkati popanda makwinya. Matabwa ambiri anali a malaina, a paini anali a anthu opezako bwino. Anamfedwa akumudzi sabwera ndi tepi, amabwera ndi chingwe chimene ayezera malemu, ndipo iwe umawonjezerapo mainchesi anayi. Malemuyo akakhala Mkhristu, pachivindikiro tinkakhomapo mtanda wa timatabwa tiwiri tosalala.

Nthawi imeneyo ndinali mtsogoleri wa achinyamata kumpingo kwathu, ndipo ndinkadziona ngati ndadziwa kale amene adzapulumuke ndi amene adzatayike.

Tsiku lina m'mawa a Mhone atapita ku Dwangwa kukagula matabwa, kunafika bambo wina pa kabaza, limodzi ndi mlamu wake. Anati ndi a Phiri, mlimi wa mpunga wa kwa Malengachanzi. Anatulutsa chingwe m'thumba.

"Amisiri, mwana wanga watisiya. Tikufuna lero lomwe."

Bokosi la muyezo umenewo linalipo, longotsala zogwirira ndi nsalu. Ndikukhoma zogwirira, mlamu uja anandinong'oneza kuti mnyamatayo wadzipha, ndipo akulu ampingo wawo akana kale mwambo wa mapemphero. Kwaya siyimba, mlaliki sabwera.

Nditamaliza, a Phiri anasisita chivindikiro.

"Mtanda mwaiwala, amisiri. Mwana wanga ankayimba kwaya."

"Sindinaiwale, bambo," ndinayankha. "Moyo ndi wa Mulungu. Wodzichotsera yekha wachimwa, ndipo alibe mpata wolapa. Mtanda sindingaike."

Ndinayankhula mokweza, moti amayi ogulitsa usipa pafupi ndi shedi anatembenuka. A Phiri sanakalipe. Anangondifunsa motsitsa mawu:

"Kodi inu munalipo pamene ankatsirizika? Mukudziwa chimene anauza Mulungu wake?"

 Analipira, anakweza bokosilo pa galimoto ya matola, nkumapita.

A Mhone anafika masana. Ndinawafotokozera monyadira, ndikuyembekeza kuti andiyamikira poti iwonso anali mkulu wampingo. Anakhala pa benchi.

"Inenso ndimakhulupirira kuti kudzipha si chifuniro cha Mulungu," anatero pomaliza. "Koma chiweruzo anakupatsa ndani? Munthu wafedwa mwana, mpingo wamutaya, wabwera pano nawenso wamuponda. Tenga sowo."

Ndinadula timatabwa tiwiri, ndinapala, ndinalumikiza. Sizinanditengere ndi mphindi khumi zomwe. Anandipatsa njinga yawo nkundiuza kuti ndisaime panjira.

Ndinapalasa mumchenga, ndikufunsa njira m'midzi, mtanda ndi hamala ndili nditamangirira pa kaliyala. Ndinafika anthu akuchokera kumanda. Anali ochepa kwambiri, ndipo panalibe nyimbo. Mayi a mnyamatayo anali atagona pamphasa pakhonde, achemwali awo akuwakupiza ndi chitenje.

A Phiri anandizindikira. Ndinagwada, ndikupereka mtandawo ndi manja awiri.

"Mwachedwa, amisiri," anatero. "Komabe mwabwera. Khalani pansi mumwe madzi."

Anandiuza kuti mwana wawo, Yamikani, anakhala miyezi ingapo osagona bwino, osadya, osafuna kucheza ndi anzake. Kwaya anasiya. Iwo ankayesa ulesi, ena ankati walodzedwa, ndipo palibe amene anaganiza zopita naye kuchipatala kapena kungokhala naye pansi nkumufunsa. Ku manda, anati, mayi mmodzi yekha wa kumpingo ndiye analimba mtima kupemphera, kupempha Mulungu kuti amuchitire chifundo mwanayo poti ndi Iye yekha amene anaona zimene zinali mumtima mwake.

Mtandawo anakauzika okha pamtumbira. Ine sanandiitane, ndipo sindinapemphe kuwatsatira.

Papita zaka zambiri. A Mhone anamwalira, shedi ndili nayo yangayanga. Nkhani ya kudzipha ndamva abusa akuilalikira mosiyanasiyana: ena amati ndi tchimo losakhululukidwa, ena amati munthu wodwala maganizo sangaweruzidwe ngati wabwinobwino. Ine sindinaphunzire zaubusa, ndipo sindikangananso nawo. Chimene ndikudziwa nchakuti tsiku limene bambo uja ankasowa munthu woima naye, ine ndinasankha kumulalikira.

Tsopano namfedwa akafika ndi chingwe, ndimamupatsa mpando, ndimayeza, ndimakhoma chimene wapempha. Za mmene munthuyo wafera sindifunsa. Mafunso ndimasungira amoyo: mnzanga akayamba kudzipatula, ndimatseka shedi nkupita kukakhala naye.